Makiyi onse m'thumba limodzi

M'dziko muno muli nyumba ina yomwe inagwetsedwa isanamangidwe. Inalembedwa bwinobwino m'malamulo oyendetsera dziko a 1994, n'kupatsidwa dzina, chiwerengero cha mipando ndi ntchito yake yomwe, koma palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anakhalamo ngakhale tsiku limodzi. Dzina lake ndi Seneti. Mukafunsa anyamata a kabaza pa Nsungwi pano, amene ambiri a iwo anabadwa nyumbayi itafa kale, angokuyang'anani ngati mukutchula dzina la mankhwala a chifuwa. Palibe chowadzudzulira. Munthu salira maliro a m'bale amene sanauzidwe kuti analiko.

Ndafukula nkhani yakaleyi chifukwa pansi pake pagona funso lomwe silikalamba. Kodi munthu amene wagwira mphamvu angamange ndi manja ake chinthu choti chizimuletsa? Nanga chinthucho chikamangidwa, koma okhalamo n'kukhala anthu ake omwe, ovala nsalu imodzi ndi oyimba nyimbo imodzi, chingamuletse chiyani? Funsoli si la maloya okha ayi. Ndi la aliyense amene anasungitsako ndalama kwa mnzake, kapena amene anatulako nkhani ya banja kwa ankhoswe.

Tiyambe takumbutsana mmene zinayendera. Titavota pa riferendamu ya pa 14 June 1993 kuti tikufuna matipate, akuluakulu a zipani anakhala pansi kulemba malamulo atsopano. Anthuwa anali akuchokera m'zaka makumi atatu momwe mawu a munthu mmodzi ankasanduka lamulo dzuwa lisanalowe, aphungu n'kumangowomba m'manja. Choncho anagwirizana kuti Nyumba ya Malamulo ikhale ya zipinda ziwiri. Chipinda choyamba chikhale cha aphungu omwe timasankha tonsefe. Chachiwiri chikhale Seneti, ya anthu 80. Pa nthawiyo maboma analipo 24, ndipo boma lililonse limayenera kutumiza anthu awiri: mmodzi wosankhidwa ndi makhansala, wina mfumu yosankhidwa ndi mafumu anzake a m'bomalo. Mipando 32 yotsalayo inali ya anthu ochokera m'magulu osiyanasiyana: mabungwe a amayi, anthu olumala, azaumoyo, azamaphunziro, alimi, amalonda, mabungwe a anthu apantchito, azipembedzo, ndi ena amene atumikira dziko mooneka. Ntchito yawo inali kulandira bilu yomwe aphungu avomereza, kuisanthula, kenaka kuivomereza kapena kuibweza kuti akaionenso. Analinso ndi mawu pa mlandu wochotsa pulezidenti pampando.

Koma m'malamulomo munalowa kachiganizo kena koti Senetiyo idikire kaye, isakhazikitsidwe mwezi wa May 1999 usanathe. May wa 1999 anafika n'kupita. Panalibe makhansala oti n'kusankha maseneta, pakuti chisankho cha makhansala chinangokhalira kukankhidwira kutsogolo. Chinadzachitika mu November 2000, ndipo anthu anali atagwa ulesi moti mwa anthu 100 alionse olembetsa, amene anakavota anali ngati 14 basi. Makhansala aja atangokhala pansi, chopinga chomaliza chitachoka, mu January 2001 aphungu anasintha malamulo n'kufufuta Seneti yonse. Chifukwa chomwe chinaperekedwa n'choti dziko losauka ngati lathu silingakwanitse kudyetsa nyumba ziwiri.

Pali zinthu ziwiri pamenepa zomwe sitiyenera kuzilumpha. Choyamba n'choti chipani cha UDF, chomwe chinkalamula, chinapeza mipando 93 mwa 193 pa chisankho cha 1999, pomwe kusintha malamulo oyendetsera dziko kumafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu onse. UDF payokha sikanakwanitsa. Ena a mbali yotsutsa anagwirako khasu pokumba manda amenewa. Aphungu a zipani zosiyana, amene pa zina zonse ankatukwanizana, anamvana pa chinthu chimodzi: kuti pamwamba pawo pasakhale wina wowabwezera ntchito. Chachiwiri n'chodabwitsa kwambiri. UDF inali itangopambana kumene mipando ya makhansala pafupifupi isanu ndi iwiri pa khumi iliyonse. Maseneta ochokera m'makhonsolo ambiri akanakhala a chikasu omwewo. Ndiye ankaopa chiyani? Ine ndikuganiza kuti ankadziwa chimene wandale aliyense wokhwima amachidziwa: munthu amene wamukhazika pampando woti sungamuchotse mawa, tsiku lina akhoza kudzuka ndi maganizo akeake.

Amayi a banki mkhonde kuno ku Area 25, ku Mgona ndi ku Chinsapo funso limeneli analiyankha kalekale opanda digiri ya zamalamulo. M'magulu ambiri bokosi la ndalama limakhala ndi maloko atatu. Wosunga bokosi sasunga makiyi. Makiyiwo amakagona m'nyumba zitatu zosiyana, ndipo bokosi limatsekulidwa pamaso pa gulu lonse. Kodi amayiwa amatero chifukwa msungichuma wawo ndi wakuba? Iyayi. Kawirikawiri amasankha mayi wokhulupirika, wa chigwirizano kapena wa dorika, woti sangabise ngakhale tambala. Amatero chifukwa amadziwa kuti mwana amadwala usiku, alandilodi amagogoda m'mamawa, ndipo munthu wabwino amene ali ndi bokosi pamodzi ndi makiyi onse amayamba ndi kubwereka, ndi mtima wonse woti abweza Lachisanu. Maloko aja sanyoza munthu. Amamutchinjiriza kwa iye mwini pa tsiku lomwe wafooka.

Tsono tayerekezani kuti makiyi atatu aja apatsidwa kwa msungichuma, kwa amuna ake ndi kwa mlamu wake. Maloko alipo atatu ndithu, onyezimira, ndipo lamulo la gulu latsatidwa mpaka kadontho komaliza. Koma mayi aliyense pagulupo akuuzani kuti bokosilo ndi lotsekula. Chimene chimapatsa maloko mphamvu ndi kutalikirana kwa nyumba zomwe makiyi akugona. N'chimodzimodzi ndi chipinda chachiwiri cha Nyumba ya Malamulo. Phindu lake lonse lili pa funso limodzi lokha: kodi okhalamo amamvera yani?

Nzeru imeneyi sinabwere ndi sitima ya pamadzi. M'masiku a ufumu wa Maravi, Kalonga wa mtundu wa a Phiri ankalamula dziko, koma za mvula ndi nsembe zinali m'manja mwa a Banda, kwa Makewana ku Msinja, m'boma lomwe lino la Lilongwe cha ku Dzalanyama. Ngakhale lero pabwalo la kumudzi, mfumu yodziwa ntchito siyamba ndiyo kulankhula. Imasiya nduna zifunse, eni mbumba anenepo, iyo n'kudzamanga mfundo pomaliza. Ndipo mlandu ukavuta amati ugone, tidzaupitirize mawa, chifukwa paja mawu a akuluakulu akoma akagonera. Seneti inayenera kukhala malo ogonekapo mawu, kuti lamulo lomwe laphikidwa ndi moto wa ukali wa lero likalawidwenso litapola.

Komabe tisathamangire kuganiza kuti dziko lililonse la zipinda ziwiri lili pa mtendere. Taonani ku America, komwe Seneti yawo ndi yotchuka pa dziko lonse. Ili ndi mipando 100, iwiri pa chigawo chilichonse mwa zigawo 50, mosayang'ana kuchuluka kwa anthu. Seneta amakhala zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo pa zaka ziwiri zilizonse amasankha gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a nyumbayo, kuti mphepo ya chisankho chimodzi isasese onse. Chipani cha Republican chinalanda nyumbayi pa chisankho cha 2014 n'kuisunga mu 2016 ndi 2018. Chisankho cha 2020 chinatha ndi mipando 50 uku, 50 uko, ndipo a Democrat ankalamula kudzera mu voti ya wachiwiri kwa pulezidenti, Kamala Harris, yemwe ankadula mlandu mavoti akafanana. Mu 2022 a Democrat ndi owatsatira anafika pa 51. Mu 2024 a Republican anabwereranso ndi 53.

Manambalawa paokha ndi ouma. Chofunika ndi zomwe anthu anachita nawo. Mu March 2016 Pulezidenti Barack Obama anasankha Merrick Garland kuti akhale woweruza wa bwalo lalikulu koposa la dzikolo. A Republican, motsogozedwa ndi Mitch McConnell, anakana ngakhale kumuitana kuti amufunse mafunso, ati chaka chimenecho n'cha chisankho, anthu ayambe alankhula kaye. Mu 2020, chaka chinanso cha chisankho, pulezidenti ali wawo Donald Trump, maseneta a chipani chomwecho anavomereza Amy Coney Barrett pa 26 October, kutangotsala masiku asanu ndi atatu kuti anthu avote. Mfundo ija ya 2016 inapita kuti? Inasungunuka itangoona kuti tsopano ikupweteka mwini wake. Chipinda chachiwiri chikakhala m'manja mwa chipani, chimakhala khoma pamene pulezidenti ali wa kwina, n'kusanduka chidindo pamene pulezidenti ali wawo. Pawiri ponsepo chimene chikusanthulidwa ndi mtundu wa nsalu ya wobweretsa nkhani.

Phunziro lowawa kwambiri lili pafupi nafe, ku Zimbabwe, komwe abale athu ambiri anachona. Kumeneko Seneti inathetsedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo boma la Robert Mugabe linaibwezeretsa mu 2005. Mkangano woti apikisane nawo kapena ayi pa chisankho cha masenetawo ndi umene unang'amba pakati chipani chotsutsa cha MDC. Pa chisankho cha March 2008 chipani cha ZANU-PF chinataya ulamuliro m'chipinda cha aphungu kwa nthawi yoyamba chilandirire ufulu. Ku Seneti mipando 60 yochita kuvotera inagawanika pakati, 30 kwa ZANU-PF, 30 kwa magulu awiri a MDC. Koma pamwamba pa imeneyo panali mipando ina 33 ya mafumu, ya abwanamkubwa a zigawo ndi ya anthu osankhidwa ndi pulezidenti. Voti ya anthu inanena china, kamangidwe ka nyumba n'kunena china. Apa chipinda chachiwiri chinasanduka nkhokwe momwe wolamula amabisamo mphamvu kuti chilala cha chisankho chikafika asagone ndi njala.

Wina anena kuti, mwaonatu, ndiye bola ife tinachita bwino kuifotsera. Tisanavomereze, tiyeni tione mmene takhalira m'chipinda chathu chimodzichi. Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu February 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambiri anali kumbali yotsutsa. Mu 2007 ndi 2008 bajeti ya dziko inagwidwa ngati chikole pa mkangano wa gawo 65, lija loletsa phungu kusamukira ku chipani china. Miyezi inkatha zipatala ndi masukulu zikudikira kuti akuluakulu amalize kukokana. Limenelo linali khoma. Mu 2009 DPP inasesa mipando yoposa 110 mwa 193, ndipo khoma lija linasanduka chidindo. Mu 2010 mbendera ya dziko inasinthidwa. Panadutsa lamulo lopatsa nduna mphamvu yoletsa nyuzipepala, panadutsanso lina lomanga manja makhoti pa zoletsa boma kuchita chinthu. Bingu atamwalira pa 5 April 2012, Joyce Banda n'kulowa, aphungu ankhaninkhani anathamangira ku PP. Chaka chomwecho nyumba yomweyo, anthu omwewo, pamipando yomweyo, anabweza mbendera yakale n'kufafaniza malamulo aja.

Abale anga, taganizirani bwino zimenezi. Munthu amene anaimika dzanja mu 2010 kuti dzuwa lotuluka lichoke pa mbendera, n'kuimikanso dzanja lomwelo mu 2012 kuti libwerere, ndi liti pamene ananena za mumtima mwake? Mwina sananenepo n'kamodzi komwe. Dzanjalo linali lake, koma ankaliimika ndi wina. Ndipo pakati pa zaka ziwirizo panali 20 July 2011, pamene anthu, ataona kuti m'nyumba muja mulibe woti n'kunena kuti imani kaye, anakanenera pamsewu. Anthu pafupifupi 20 anafa, ku Mzuzu, ku Blantyre, ku Karonga ndi muno mu Lilongwe. Palibe angalumbire kuti Seneti ikanapulumutsa miyoyo imeneyo. Chomwe chikuoneka poyera n'choti dziko likasowa mabuleki m'nyumba, limakawafuna panja, ndipo kunjako mtengo wake ndi magazi a ana a anthu osauka, a m'makwalala ngati athu ano. Mu 2019 ndi 2020 zinateronso: miyezi ya zionetsero ndi utsi wokhetsa misozi, kufikira oweruza asanu pa 3 February 2020 anagamula kuti chisankho cha pulezidenti chichitikenso. Tinanyadira makhoti athu, ndipo m'pake. Koma khoti limafika nyumba itapsa kale. Ntchito ya chipinda chachiwiri ndi kununkhiza utsi.

Nanga za ndalama zija? Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo munthu wogula madzi pa kiyosiki ndi ndowa, amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ali ndi ufulu wonse wofunsa kuti mabwana ena 80 ndi magalimoto awo adya za yani. Koma tiwerengere limodzi. Mu 1994 aphungu analipo 177. Mu 1999 anafika 193. Pa chisankho cha pa 16 September 2025 tinasankha 229. Kuchokera 1994 taonjezera mipando 52, uliwonse ndi malipiro ake, mafuta ake ndi ngongole yake ya galimoto. Umphawi wathu sunatchulidwe mokweza pamene mipando yoonjezerayo inali ya m'chipinda chomwe zipani zimalamula. Unakumbukiridwa pamene mipandoyo inali ya anthu oti azibweza ntchito ya aphungu. Bambo amene amati ndalama ya loko palibe, koma ya bokosi lalikulu ilipo, musamusungitse kanthu.

Nkhawa ina, yomwe kwa ine ndi yolemera kuposa ya ndalama, ndi ya mafumu. Pa pepala, mfumu ilibe chipani. Koma lamulo la mafumu la 1967 limapatsa pulezidenti mphamvu yovomereza mfumu, kuikweza ndi kuichotsa, ndipo mswahala umachokera ku boma. Tonse tinawaonapo magogo athu atandandalikidwa pa wailesi ya kanema ya boma, kuyamikira chilichonse chomwe wolamula wa nthawiyo wafuna. Sindikuwanyoza, pakuti wamkulu sanyozedwa, ndipo munthu amene chakudya chake chili m'dzanja la wina salankhula momasuka. Koma kutenga mafumu amene ali m'thumba la pulezidenti n'kuwakhazika mu Seneti ndi kuja kopereka kiyi wachitatu kwa mlamu. Aliyense wofuna Seneti moona mtima ayambe wamasula mafumu ku chingwe chimenechi.

Ndiye tizindikira bwanji kamangidwe koyenera? Ana amadziwa. Awiri akamagawana nzimbe imodzi, wodula sasankha. Amadula, mnzake n'kuyamba kutenga. Wodulayo amayesetsa kuti zidutswa zifanane, ngakhale atakhala wadyera chotani, chifukwa sakudziwa kuti chake chikhala chiti. Katswiri wina wa ku America, John Rawls, analemba buku lonse mu 1971 pa ganizo lofanana ndi limeneli: kuti malamulo achilungamo ndi amene anthu angagwirizane asanadziwe malo omwe aliyense adzakhale. Malamulo athu a 1994 anavomerezedwa pa 16 May, chisankho chili mawa lake pa 17. Palibe amene anali ndi chitsimikizo choti alowa m'boma. MCP inkaopa UDF, UDF inkaopa MCP, Aford inkaopa onse awiri. Mantha amenewo ndi amene anabala Seneti, n'kubalanso gawo 64 lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Opambana atadziwika, gawo 64 linachotsedwa mu 1995, Seneti n'kutsatira mu 2001. Nkhanga zinapangana kusanapse. Kutapsa, iliyonse inayamba kuona kuti pangano lija likuipanikiza.

Kuchokera 2001 boma lasintha manja kangapo. UDF inapita, DPP inalamula kuyambira 2005, PP mu 2012, DPP kachiwiri mu 2014, MCP ndi anzake a mgwirizano wa Tonse mu 2020, ndipo mu 2025 Peter Mutharika ndi DPP anabwereranso. Chipani chilichonse mwa zimenezi chinalawako kuwawa kokhala kunja, kukuwa popanda womva. Palibe ndi chimodzi chomwe chimene chitalowa chinabwezeretsa Seneti. Apa ndiye pali yankho la funso langa loyamba lija, ndipo ndi yankho losakoma: wogwira mphamvu samanga chomuletsa, pokhapokha atakhulupirira ndi mtima wonse kuti mawa adzakhala kunja. Tsoka lake n'loti mpando uli ndi matenda oiwalitsa. Aliyense wokhalapo amaona ngati iye ndiye womaliza, chonsecho chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ine mbali yanga ndi yoti Seneti ibwerere, koma ibwerere ngati maloko enieni. Ku Kenya anathetsa yawo mu 1966 n'kuibwezeretsa ndi malamulo a 2010, ndiye kubweza chinthu chomwe chinatayidwa si zachilendo. Muyeso wake ukhale uwu: musanavomereze kamangidwe kalikonse, tsekani maso muone wandale amene mumadana naye koposa atakhala ku State House, anthu ake atadzaza chipinda cha aphungu. Kodi Seneti mwajambulayo ingamuimitse? Kenaka muone wokondedwa wanu ali pomwepo. Kodi mukuvomera kuti imuimitse iyenso? Ngati yankho lachiwirili likukuvutani kutulutsa, ndiye kuti chomwe mukufuna ndi chibonga chomenyera adani anu, ndipo chibonga chimasintha manja. Pa muyeso umenewu zinthu zingapo zimadziwikiratu. Pulezidenti asasankhe seneta ndi mmodzi yemwe. Maseneta asasankhidwe tsiku limodzi ndi pulezidenti, ndipo asalowe kapena kutuluka onse pakamodzi. Nthawi yawo ikhale yotalikirapo koma yosabwereza, kuti pasakhale chowagulira ndi lonjezo la mawa. Ndipo mphamvu yawo ikhale yochedwetsa ndi kubweza, osati yopha lamulo mpaka muyaya, kuti tisasinthanitse chidindo ndi khoma.

Komatu ngakhale titamanga mwaluso chotani, nyumba ndi anthu. Pa 4 July 2002 bilu yofuna kuchotsa malire a nthawi yomwe pulezidenti angalamulire inafika m'chipinda chathu chimodzi chija. Anaibweretsa ndi phungu wa Aford, Khwauli Msiska, ndipo akuluakulu ena a zipani zotsutsa anali kumbuyo kwake. Inapeza mavoti 125. Imafunika 128. Dziko lino linapulumuka ndi mavoti atatu. Ku America nako, mu July 2017, a Republican anali ndi mipando yokwanira kugwetsa lamulo la zaumoyo la Obama, koma maseneta awo atatu, John McCain, Susan Collins ndi Lisa Murkowski, anakana, ndipo nkhaniyo inagwa ndi mavoti 49 kwa 51. Kaya lamulolo linali labwino kapena loipa, imeneyo ndi nkhani ya eni ake. Chomwe tikuphunzirapo n'choti pa tsiku lalikulu, chimene chimaimitsa chipani ndi anthu owerengeka amene amakumbukira kuti dzanja ndi lawo.

Pamenepa mlandu ukutembenukira kwa ife ovota, ife a pamsika, a m'minibasi, a pabawo. Phungu akasamukira ku chipani cholamula timati ndi wochenjera, akufuna chitukuko cha dera lake, tsopano msewu ubwera. Phungu akakhala m'chipani chake koma n'kukana kuvotera chinthu choipa chomwe abwana ake alamula, timamutcha wogalukira, timati wagulidwa, ndipo pa chisankho cha chipulula timamugwetsa. Woyambayo watsata mimba, wachiwiriyo watsata chikumbumtima, koma ife timalipira woyamba n'kulanga wachiwiri. Anthu amene timawaphunzitsa motero kwa zaka makumi atatu sangasanduke ena chifukwa choti tawasamutsira m'chipinda chapamwamba n'kuwatcha maseneta. Adzalowamo ndi khalidwe lomwe tinawapatsa.

Choncho ntchito ikuyambira pansi pano, Seneti isanabwere n'komwe. Wandale akadzaima pa bwalo la sukulu kapena pa msika wa Nsungwi kudzapempha voti, nsalu ndi zovina zikatha, wina aimirire mwaulemu amufunse funso limodzi: “Bwana, tiuzeni chinthu chimodzi chomwe chipani chanu chitakulamulani kuti muvotere, inu mungakane.” Akatchula, chilembeni, mudzamukumbutse. Akayamba kuzungulira, kapena akanena kuti chipani chake sichingalakwe, mwadziwa kuti kiyi mukufuna kumupatsayo akagona m'thumba la yani.